Amene Anaona Chombo Chikutera

Makope amene ndinalemba ndili ku Doha alipo anayi. Atatu ndimawasiya poyera, ngakhale mng'ono wanga akafuna kuwerenga sindimuletsa. Koma lina, lachikuto chobiriwira, limakhala pansi pa sutikesi, chifukwa muli masamba amene ndinalemba mokanikiza bolopeni mpaka pepala kubowoka. Chizolowezi cholemba za tsiku lililonse ndinachiyamba ndili Fomu 2. Aphunzitsi athu anati mtsikana wofuna kudzakhala munthu azidzifunsa dzuwa likamalowa kuti, "Lero ndaphunzira chiyani?" ndipo aziyankha zoona zokhazokha. Anzanga analemba mlungu umodzi n'kutopa. Ine mpaka lero ndikulembabe.

Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza, ndipo sayansi ndiyo ndinaikhoza kuposa zonse. Koma mayina a opita ku yunivesite atatuluka, langa panalibe. Ndinakhala pakhomo pathu ku Ntaja chaka chathunthu ndikuthandiza mayi kugulitsa zitumbuwa, mpaka kunamveka nkhani ya ntchito za m'nyumba ku Qatar. Mayi anandiperekeza mpaka pa Liwonde. Sanalire. Anangondikonza mpango kumutu kawiri ngakhale unali bwinobwino, n'kunena kuti, "Pakamwa pako paja, mwanawe. Kwa eni sayankhula zonse." Mundege atsikana anzanga anatsinzina n'kumapemphera. Ine mphuno inali pa windo, ndikuona momwe phiko limatsegukira ndi kutsekeka, kope lili pamwendo.

Nyumba imene ndinafikira inali ku Al Nasr, yampanda wautali, kuseri kwa msewu wa mashopu. Amene ananditsegulira chitseko cha kukhitchini anali Che Asiyatu, mayi wa ku Makanjira, wamfupi, wamanja olimba, amene anali atagwira kale m'nyumbamo zaka zitatu. Tinkagona chipinda chimodzi, pafupi ndi makina ochapira. Ndikumasula katundu, anaona pepala lili m'pulasitiki.

"Ichi n'chiyani?"

"Satifiketi ya Fomu 4, achemwali."

"Eee! Ndiye watibweretsera Fomu Folo kuti idzatsuke matoileti?" Anaseka mpaka kugwira khoma. "Chabwino, Fomu Folo. Tiye ndikusonyeze sukulu ya kuno."

Dzina langa lenileni linathera pomwepo.

Sukulu yawoyo inali yeniyeni. Anandiphunzitsa kuperekera khofi wa Chiarabu: mphika kudzanja lamanzere, kakapu kudzanja lamanja, kuthira pang'ono chabe, n'kuima pomwepo mpaka mlendo agwedeze kakapuko. Anandiphunzitsa kuti madamu akati "yala" ndithamange, akati "halasi" nditseke pakamwa. Mwezi wa Ramadani, pamene miyendo inkanditupa chifukwa choima pa chitofu tili ndi swaumu, ankandikhazika pa ndowa n'kumaliza okha. Tsiku limene ndinapsereza mkanjo woyera wa abwana, iwo anakauza madamu kuti nsimbiyo inayamba kale kuvuta. Ine ndinkawabwezera ndi zolemba. Sukulu analekera Sitandade 4, choncho mafomu ndinkawalembera ndine, mauthenga olembedwa ndinkawawerengera ndine. Iwo pa foni ankadziwa zinthu ziwiri basi: kuimba ndi kutumiza mawu. Lachisanu lililonse ankalankhula ndi ana awo awiri mpaka batire kutha.

M'nyumbamo munali abwana, madamu, agogo amene tonse tinkawaitana kuti Yuma, kamwana kongoyamba kumene kuyenda dzina lake Hesa, ndi Nura, mtsikana wamkulu amene anali kumapeto kwa sekondale. Nura ankaphunzira m'Chingerezi. Tsiku lina ndikusita m'chipinda chake ndinamupeza akulira pa funso la mpira woponyedwa m'mwamba: ufika pati, ubwera nthawi yanji. Ndinayesa kudzigwira. Ndinalephera.

"Pamwamba penipeni mpirawo umayamba waima kaye," ndinatero. "Yambira pamenepo."

Ananditembenukira ngati nsimbi ndiyo yayankhula. Anayesa, yankho linatuluka. Mawa lake anandiitananso, ndipo pasanathe mlungu madamu anali atalamula kuti masana aliwonse ndizikhala ndi Nura pa tebulo. "Yala, siya zosita, Asiyatu amaliza." Kwa chaka chathunthu Che Asiyatu anasita okha zovala za anthu asanu, Hesa ali kumsana m'chitenje monga kwathu. Sanadandaule. Ankangosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukaweruka mubwere mudzasende anyezi."

Ndi Nura amene anandisonyeza koyamba, pa foni yake, chombo chopita m'mlengalenga n'kubwereranso. Kusukulu tinkadziwa kuti roketi ikapita yapita. Iyi inkakwera mpaka kusowa, kumasula kachipinda ka anthu kamene kanali pamwamba pake, kenako n'kutsika chobwerera, moto uli kunsi, n'kutambasula miyendo n'kuima chilili pakati pa chipululu. Kachipinda kaja kankatsika pambuyo pake ndi maparachuti. Tinabwereza kanemayo mpaka Yuma anatikalipira. M'kope ndinajambula chombocho ndi mivi yosonyeza mphamvu iliyonse, yokokera pansi ndi yokankhira m'mwamba. Che Asiyatu atasuzumira anati, "Aa, munsi uwu. Ndipo kapamwambaka ndi kankhokwe." Chipululucho chinali ku Amereka, ndipo Nura anati anthu wamba amaimika magalimoto m'mbali mwa msewu, chapatali, n'kumaonerera. Abwana anamulonjeza kuti akakhoza bwino sayansi, akamusonyeza ndi maso.

Nura anakhoza. Madamu anandikumbatira, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti paulendowo tipita tonse awiri: Asiyatu wa Hesa, ine wa Nura. Madzulo amenewo ndinalemba kuti: "Mulungu sanandiiwale. Khomo la yunivesite linatsekeka kuti ili litseguke." Ndinadula mzere kunsi kwake ndi rula.

Panatsala visa. Tinakajambulitsa zithunzi ndi kulembetsa mafomu pa kaofesi kena ku Al Mirqab. Pobwerera, dalaivala wa pakhomopo, a Mbewe a ku Kasungu, amene anali ataperekezapo antchito ambiri ku zoterezi, anatiyang'ana pa galasi.

"Tamverani, azimayi. Ku intaviyu kuja akakufunsani dzina, muwapatse dzina. Osawonjezera la agogo anu. Iwo akufuna kumva chinthu chimodzi chokha, kuti mubwerako."

"Ine Chingerezi ndilibe, ndiwonjezera ndi chiyani?" anatero Che Asiyatu.

"Inu sindikukuderani nkhawa. Ndikunena uyu."

Ndinaseka. Mumtima ndinati malangizo amenewo ndi a anthu osaphunzira. Amene ndinkawamvera chisoni anali Che Asiyatu, ndipo mlungu wonse ndinkawaloweza mayankho tikutsuka mbale. Anga ndinawalemba masamba atatu m'Chingerezi chabwino, chokhala ndi mawu amene aphunzitsi akanawachonga ndi bolopeni yofiira.

Tsikulo tinaima pamzere ku ofesi ya kazembe wa Amereka kuyambira m'mawa. Mkati munali mawindo a galasi ngati ku banki. Che Asiyatu anaitanidwa poyamba, pa windo loyandikana ndi pomwe ndinakhala, ndipo ndinamva zonse. Mayankho amene ndinawaphunzitsa anawaiwala onse. Anangotukula zala ziwiri n'kunena kuti ana awiri, Malawi, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula mwana wa madamu. Ndinaphimba nkhope ndi manyazi. Posakhalitsa anachoka pawindopo chimanjamanja, pasipoti itatsala mkati, kusonyeza kuti zatheka.

Ine ndinapeza mayi wachizungu wa magalasi, wankhope yofatsa. Anandifunsa chimene ndikupitira. Ndinamuuza za chombo, momwe chimatembenukira, chifukwa chake chimayatsanso moto chikayandikira pansi. Anamwetulira nati, "Mumadziwa zambiri." Kumwetulira kumeneko ndiko kunandipha. Chichokereni kusukulu panalibe wamkulu amene anandimvetserapo motero. Ndinamasuka ngati ndili pa mpikisano wa mtsutso. Anafunsa ngati ndili pabanja. Ayi. Ngati ndili ndi mwana. Ayi. Kenako anafunsa kuti m'tsogolo ndimafuna kudzachita chiyani.

Ndinayankha monga ndimayankhira m'kope. "Ndimalota kudzaphunzira uinjiniya. Mpata utapezeka kwanuko, sindingautaye."

Analemba pa kompyuta kwa kanthawi. Kenako pasipoti yanga inatulukira kunsi kwa galasi, pamodzi ndi kapepala.

A Mbewe ataona pasipoti ili m'manja mwanga anadziwa kuti andikana. Analiza galimoto, n'kupuma mozama. "Wawonjezera la agogo."

Madamu anamenya m'manja kamodzi. "Umalankhula kwambiri iwe. Halasi, utsala ndi Yuma." Nura analira nane madzulo amenewo, koma mawa lake anali pa foni akusankha chipewa cha dzuwa. Sindinamukwiyire Nura. Dziko lake linali lina, ndipo munthu suchitira nsanje mbalame chifukwa chouluka. Amene ndinawakwiyira anali amene tinkagona chipinda chimodzi, amene tinkadyera mbale imodzi, amene sanalakwe kalikonse.

Madamu anali atandigulira kale jekete yofiira, poti m'chipululumo akuti m'mawa kumazizira. Inaperekedwa kwa Che Asiyatu. Manja ake anali aatali, ankawaphimba mpaka zala. Anaivala m'chipinda mwathu n'kumayenda monyang'wa pakati pa mabedi, akuti andiseketse. Ndinatembenukira kukhoma. Masamba obowoka aja amayambira pamenepo. Pena ndinalemba kuti: "Munthu amene amati chombo ndi munsi. Munthu amene anandifunsa ngati okwerawo akakumana ndi angelo. Ameneyo ndiye akupita. Ine amene ndinaphunzitsa mwanayo nditsale ndikudontheza mankhwala m'maso mwa Yuma." Pena ndinangolemba mawu amodzi, "Bwanji?", mpaka tsamba kudzaza.

Nsanje ili ngati nsabwe, imakuluma pamalo poti sungakande pagulu. Ndinkawaona akupinda zovala za ulendo, ine n'kutuluka m'chipindamo. Ndinkawamva akuuza ana awo pa foni kuti, "Amayi anu akukaona chombo cha kumwamba chikutera," chakudya n'kundikanika. Utabwera uthenga wolembedwa wochokera kusukulu ya mwana wawo Halima, ndinati mutu ukundipweteka, ndipo anakawerengetsa kwa a Mbewe pa geti. Atandifunsa kuti ndiwafotokozere zimene akaone kuti asakachite manyazi, ndinati, "Mukaona konko." Ndinkaswali kasanu pa tsiku ngati kale, koma ndikagwetsa mphumi pansi ndinkaona jekete yofiira.

Lachisanu lomaliza asananyamuke tinapatsidwa ofu. Anandikakamiza kupita nawo ku Ras Abu Aboud, kumene tinkakonda kukhala m'mphepete mwa madzi moyang'anana ndi bwalo la mpira lomangidwa ndi makontena. Anagula chipisi mapepala awiri. Changa sindinachikhudze.

"Fomu Folo, milungu iwiri uli duu. Ndakulakwira chiyani?"

"Palibe."

"Visa sindinakulande ine."

"Ndati palibe, achemwali."

"Tamvera, ndaganiza nzeru. Chikamatsika chija ndidzakuimbira ya vidiyo. Ndidzakweza foni m'mwamba chonchi," anatukula mkono, chipisi chikugwa, "iwe uzidzaona n'kumandiuza kuti ichi n'chakuti, ichi n'chakuti. Mkono wanga, maso ako. A Mbewe andikonzera kale za netiweki ya kumeneko."

"Musavutike."

"Kuvutika kwake kuli pati? Kodi si iwe unadzetsa ulendowu?"

Mawu amenewo, amene anali oona ndi achifundo, ndiwo anandiphulitsa. "Inu mukakaona chiyani kumeneko? Ngakhale dzina lake simulitha. Kukutengani inu n'chimodzimodzi kutenga sutikesi."

Anandiyang'ana. Ndege inadutsa pamwamba pathu, iwo osaphethira. Kenako anapinda pepala la chipisi bwinobwino, kanayi, monga amapindira mipango ya madamu.

"Sutikesi imeneyi ndiyo yakhala ikukusitira zovala chaka chonse," anatero motsitsa. Anaimirira n'kusansa chitenje. "Koma ndidzaimbabe."

Ananyamuka. Nyumba inatsala ndi ine, Yuma ndi phokoso la makina oziziritsa. Nura ananditumizira tsiku ndi nthawi, ndipo ndinawerengera ndekha kusiyana kwa maola. Kumeneko kukanakhala m'mawa, kuno dzuwa likupendeka. Ananditumiziranso poti ndingaonere pa intaneti. Sindinatsegule. Ndinadziuza kuti ngati si ndi maso anga, basi zikhale.

Nthawiyo itayandikira ndinayamba kukolopa pabwalo pamene ndinali nditakolopa kale m'mawa. Foni ndinaisiya pa windo la kukhitchini. Inalira. Ndinayandikira, chokolopera chili m'manja. Pagalasi panali chithunzi cha Che Asiyatu atavala jekete yanga, akuseka mano onse panja. Ndinaima n'kuiyang'ana mpaka inasiya. Inaliranso. Chala changa chinafika pafupi ndithu, ndinamva kutentha kwa galasilo. Ndinachibweza. Kachitatu Yuma anafuula ali m'nyumba kuti, "Mtsikana iwe, foni!" Ndinatenga beseni lochapira n'kuivundikira. Pansi pa besenilo inkanjenjemera ngati chiwala m'chitini. Kachinayi. Kachisanu. Kenako zii. Ku mzikiti wa kuseri kwa mashopu kunamveka kuitanira swala ya magharibi, ya kulowa kwa dzuwa, ndipo pansi pa beseni panalira kamodzi kafupi, kusonyeza kuti walowa uthenga wa mawu.

Uthengawo sindinautsegule. Ndinkadziwa zimene zinalimo, kapena ndinkayesa kuti ndikudziwa: nthungululu, ndi "Fomu Folo, ukanaona!" M'kope ndinalemba kuti: "Lero sindinaphunzire kanthu."

Anabwerako patapita masiku khumi, ndi masutikesi owirikiza. Madzulo ake achibale anadzaza pabalaza, ndipo Nura analumikiza foni yake ku kanema wamkulu wa pakhoma. Ine ndinali kuperekera khofi. Ndinafuna kusayang'ana, koma maso sanandimvere. Ndinaona chipululu chosiyana ndi cha ku Qatar, cha miyala yofiirira ndi tizitsamba touma, mapiri ali chakutali. Magalimoto anali ndondondo m'mbali mwa msewu, anthu atakwera pamadenga ake. Kumwamba kunali mzere woyera umene mphepo inali itayamba kuupinda. Kenako wina analoza. Kadontho kakuda kanaoneka, kakugwa mothamanga moti ndinati kaphwanyika. Kunaphulika kawiri, chithunzi chinagwedezeka, Nura anakuwa. Kunsi kwa kadonthoko kunabuka moto, liwiro linatha ngati wina wagwira ndi dzanja, miyendo inatambasuka, fumbi linakwera n'kuphimba zonse. Fumbilo litayera, chombo chinali chitaima chokha, chilili, utsi ukufuka m'mbali. Patapita kanthawi maparachuti atatu anaoneka akutsika mwaulesi mpaka kuseri kwa phiri. Mlendo wina anali akugwedeza kakapu patsogolo panga kwa nthawi ndithu, ine osaona.

Kukhitchini ndinapeza Che Asiyatu akutsuka mabotolo a Hesa. Pa shelefu yanga anali ataikapo kamwala kofiirira.

"Ndinatola pomwe ndinaima," anatero osatembenuka.

"Zikomo." Ndinatola kamwalako. "Ndiye mwaona."

Anatembenuka. "Uthenga wanga sunaumvere?"

Ndinatulutsa foni pomwepo, iwo akundiyang'ana. Poyamba kunamveka mphepo, ndi anthu akukuwa chapatali, ndi Hesa akusisima. Kenako mawu awo.

"Fomu Folo, ndine. Ndayesa kasanu, mwina ndi netiweki. Pokwera paja ndinachiona, chinapita mpaka kukhala ngati singano, n'kusowa. Ndiye ndinati ndikupeze chisanabwere. Maso pa foni, maso pa foni, kenako kwangoti phuu! phuu! Hesa walira, ndamufunditsa jekete, ndikuimbanso. Podzutsa mutu, anthu akuwomba m'manja. Akuti chatera. Ine ndangoona fumbi. Kankhokwe kaja nakonso katsikira kuseri kwa phiri ndikutonthoza mwana. Pepa, mwanawe. Ndalephera kukusonyeza."

Uthenga unatha. Mpopi unali ukudontha m'sinki.

"Inali netiweki, eti?" anafunsa.

Njira inali yotseguka. Ndikanangoti eya. Koma ine amene ndinanena zoona kwa mayi wachizungu wosandidziwa, ndikananama bwanji kwa munthu ameneyu?

"Foni inkalira, achemwali. Ndinaivundikira ndi beseni."

"Ndinkadziwa," anatero. "Netiweki ikavuta foni silira choncho. Sukulu ndinalekera panjira, koma kulira kwa foni ndimakudziwa." Anatsuka botolo lina, kulitsukuluza, kuliimika. "Ulendo wonse uja. Ndege ziwiri, ine wosanza m'ndege. Kukaima pamalo pake penipeni, n'kumayang'ana dzina lako pagalasi ngati chitsiru."

Ndinagwada pa matailosi onyowa. Sindinagwadirepo munthu chichokereni kwathu. Ndinalira mpaka mpango kunyowa, iwo osandigwira. Masiku atatu sanandiyankhule kupatula za ntchito, ndipo zosita zonse za masiku amenewo anandisiyira mulu pabedi panga popanda mawu. Ndinasita mpaka mapewa kuuma, ndipo ndinaona kuti n'zochepa.

Tsiku lachinayi anakhala pa ndowa kukhitchini n'kundikodola.

"Ana anga ndinawauza kuti ndikukaona. Halima anauza kalasi yonse. Mudzi wonse ukudikira. Sindingapite kukanena kuti ndinaona fumbi." Anandiloza ndi mpeni wa anyezi. "Unandidyera maso anga, ndiye undibwezere. Tenga kanema uja kwa Nura. Undiphunzitse chimodzichimodzi, mpaka ndichione."

Imeneyo inakhala kalasi yanga yachiwiri ku Doha. Lachisanu lililonse ku Ras Abu Aboud tinkaika foni pakati, ine n'kumaimitsa kanemayo pang'onopang'ono. Apa chikugwa chokha, dziko likuchikoka. Apa chathamanga kuposa phokoso lake lomwe, n'chifukwa kukuphulika. Apa chayatsa moto kuti liwiro lichepe. Ankafunsa mafunso amene Nura sanafunsepo. "Nanga motowo suwotcha miyendo yake?" "Mafuta obwererawo chimasunga pati?" Ena ndinalibe mayankho ake, ndinkakafufuza. Tsiku lina anandifotokozera okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, manja akuuluka, mpaka alonda awiri a ku Malawi amene ankadutsa anaima n'kumamvetsera. Che Asiyatu ankafotokoza bwino kuposa ine. Ndinaona kuti kachilombo ka nsanje kaja sikanafe.

Iwo anabwerera kumudzi chaka chimodzi ine ndisanabwerere. Kontirakiti yanga itatha ndinapeza nyumba yathu ili ndi malata, mayi ali ndi imvi zimene sankazionetsa pa foni, ndipo mng'ono wanga amene ndinamusiya akusewera fulaye anali wamtali kundiposa, akundipatsa moni ngati mlendo. Panopa ndili pa sukulu ya uphunzitsi. Si uinjiniya, koma m'kalasi yanga mudzakhala mtsikana wina amene adzafike kumene ine sindinafike, ndipo ndikuphunzira kale kuti ndisadzamuchitire nsanje.

Pa tchuthi chapitachi Che Asiyatu anandiitana ku ukwati wa Halima. Ndinakwera lole kuchokera ku Mangochi, tsiku lonse m'mabampu. Nditatsika n'kufunsa njira, mayi wina wogulitsa usipa anati, "Mukunena amene anaona chombo aja? Nyumba ya njerwa iyo." Mpaka dzina lawo linali litasintha.

Mawa lake masana, anthu atadya, azimayi anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuwanyengerera kuti afotokozenso. Anakana kawiri mwamwambo, kenako anaimirira. Jekete yofiira anali ataitulutsa, ngakhale kunali kotentha. Anayamba ndi mzere woyera kumwamba. Ana anasiya masewera. Azibambo anasendeza mipando. Ndinamva mawu anga enieni akutuluka m'kamwa mwawo, akuti dziko limachikoka, akuti chimathamanga kuposa phokoso lake, ndipo anthu ankati "Eee!" n'kumawayang'ana ngati atsika kumwambako ndi iwo. Ine ndinali kumapeto kwa mkeka, mlendo wosadziwika, ndi mbale ya mpunga pamwendo. Nsabwe ija inayambanso kundiluma monga kale.

Pamenepo alamu awo, bambo amene anagwirapo ntchito ku Joni ndipo sakonda kuposedwa pa nkhani za maulendo, anakweza dzanja.

"Iyayi, alamu, tisanamizane. Chitsulo chingatsike chotsogoza matako n'kuima ngati munthu? Izi ndi za pa kanema izi." Anatembenukira kwa ine. "Inu, akuti munali nawo limodzi kumeneko, ndipo ndinu ophunzira. Tiuzeni zoona. Amenewa anaonadi ndi maso awo?"

Che Asiyatu sanandiyang'ane. Ankapinda dzanja la jekete limene linali litawaphimba zala. Padziko lonse lapansi tinalipo awiri odziwa, ndipo mawu amodzi okha akanandibwezera zonse: anthu onse akanatembenukira kwa ine, n'kumafunsa ine, wodziwa weniweni. Ndinawamva mawuwo atafika pa lilime.

"Anaona," ndinatero. "Ine ndinatsala kukhitchini ku Doha. Iwo anaima pomwepo. Kamwala ka pamalopo ndili nako kwathu."

Azimayi analuluta, alamu aja anakanda m'mutu. Che Asiyatu anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Koma pali chimodzi chimene pa kanema sichituluka," anatero, ndipo tsopano anandiyang'ana. "Kuphulika kuja sumakumva ndi makutu ayi. Kumalowera kumapazi, kukwera m'miyendo, n'kudzakugunda apa." Anadzimenya pachifuwa. "Mano anga anagundana. Mwana ndinali naye kumsana, mtima wake ndi wanga zinadumphira limodzi. Ndipo pambuyo pake mphepo inabwera ndi fungo ngati la mwala wowombedwa ndi mphezi."

Zimenezo sindinawaphunzitse ine. Sizinali mu kanema, sizinali m'buku lililonse limene ndinawerenga, ndipo Lachisanu onse aja sanandiuzepo. Anazisunga zaka zonsezi, zawozawo.

Pobwerera, pa lole, ndinatulutsa kope. Zilembo zinkadumpha ndi mabampu. Pansi pa funso la aphunzitsi lija ndinalemba mawu awo monga anawanenera, kuyambira kumapazi mpaka pachifuwa, ndipo kumapeto ndinaika dzina la mwini wake. Ndinawerenga kawiri, n'kuponda mwamphamvu pansi pa lole kuti mwina ndimveko pang'ono. Ndinangomva injini.